Mbale Yoyamba ya Pamwamba

1. Chipinda cha pamwamba pa sitolo

Nyumba za ku Spinney Hill, mumzinda wa Leicester, n'zogundizana kwambiri moti ukayetsemula m'chipinda mwako, mawa lake wa khomo linalo amakufunsa za chimfine. Pakati pa nyumba zimenezi panali sitolo ya Bambo Nisar, Mmwenye wobadwira ku Limbe, amene ankagulitsa mpunga, nyemba, tsabola ndi chinangwa pamodzi ndi akazi awo, Anti Khairunisa. Pamwamba pa sitoloyo panali chipinda chachikulu. Loweruka lililonse mabotolo a m'sitolo ankagwedezeka ndi mapazi a ana.

Anawo anali a gulu la Tisaiwale Kwathu. Dzinalo linkangokhala pachikwangwani, chifukwa aliyense ankangoti Pamwamba. Makolo awo anachokera ku Malawi, ku Zambia ndi ku Zimbabwe, ndipo ambiri anali anamwino kapena osamalira okalamba.

M'mawa ana ankaphunzira kuwerenga ndi kulemba Chichewa. Zikatha zimenezo, a kusekondale ankathandiza ang'onoang'ono homuweki. Masana kunali nyimbo ndi magule, kapena mpira kupaki ngati mvula yachita ulemu, koma mvula ya kumeneko ulemu ilibe.

M'chaka cha 2007 anawo anasankha Atuweni kuti akhale mtsogoleri wawo. Anali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu, wochangamuka, wokonda kuti za mawa zichitike lero. Kufunsa ankakuona ngati kutaya nthawi.

Gululi linali ndi mwambo umodzi umene sunkasintha. Pakati pa mwezi wa Seputembala chaka chilichonse ankachita phwando lokumbukira tsiku limene anayamba. Chakudya chikayalidwa, mtsogoleri wa chaka chimenecho ankagwada, kusambitsa Bambo Nisar m'manja ndi kuwapatsa mbale yoyamba. Palibe mwana amene ankaloledwa kukhudza ngakhale mandasi amodzi Bambo Nisar asanalawe. Ana onse ankasirira ntchito imeneyi, ngakhale anyamata aja onamizira kuti alibe nazo ntchito.

Atuweni ankafunitsitsa chinthu chimodzi: kuti mayi ake, Mayi Ethel, adzamuone akuchita mwambowo. Mayiwo ankagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, ndipo Loweruka lililonse ankakhala kuntchito. Chiyambire gululo anali asanaonepo mwana wawo akuimba kapena kuvina. Ulendo uno anachonderera mnzawo mpaka anasinthana, iwo n'kutenga shifiti yoyambira masana mpaka usiku. Anali atasoka kale chilundu ndi duku la Atuweni.

Ndiye Atuweni analengeza kuti phwando lidzakhala m'mawa, chakudya dzuwa lili paliwombo, kuti mayi ake adzaonerere asanakwere basi. Zimenezi anakonza yekha, kale mu Julaye, osafunsa aliyense.

2. Kapu ya tiyi yasowa

Lachinayi, phwando litatsala pang'ono, Atuweni anadzera kusitolo pochokera kusukulu. Anali ndi Lovemore, wachiwiri wake pagululo, mnyamata wamtali wobadwira ku Harare amene mimba yake sinkadziwa kukhuta.

Bambo Nisar anali pakauntala monga mwa masiku onse, koma china chake chinali chitasowa. Kapu yawo ya tiyi, yothothoka pakamwa, imene sinkachoka pafupi ndi sikelo, panalibe.

“Ankolo, tiyi wanu ali kuti lero?” anafunsa Atuweni moseka. “Kapena Anti Khairunisa akulandani kapu?”

“Kapu ili patchuthi, mwana wanga,” anayankha Bambo Nisar. “Ramazani wayamba lero. Ine ndi anti ako tikusala. Sitidya, sitimwa, mpaka dzuwa litalowa.”

Atuweni anasendera pafupi ndi kauntala.

“Koma Ramazani amabwera mu Okotobala!”

“Ankabwera mu Okotobala uli wamng'ono. Mwezi wathu umafulumira pang'ono chaka chilichonse. Chaka chatha unangophonyana ndi phwando lanu. Chaka chino walipeza.”

“Ndiye mbale yoyamba ija?”

Bambo Nisar anakupiza dzanja ngati akuingitsa ntchentche.

“Palibe vuto. Inu dyani basi. Ine ndidzabwera, ndidzakhala pampando wanga, ndidzaomba m'manja. Mbaleyo udzapatse wina. Fungo la samusa silinaphepo munthu.”

Ananena akumwetulira, n'kutembenuka kukayezera mayi wina nyemba.

Atatuluka panja, Lovemore anapumira m'mwamba.

“Wamva wekha,” anatero. “Eni ake akuti palibe vuto. Mbale upatse Anti Bernadette, nkhani yatha. Usayambe zokansela, Atu. Ukasunthira madzulo, mayi ako sadzakhalapo.”

“Bwanji tiimbe m'mawa, tidzadye madzulo?”

“Iwe, tiana tija tidikire chakudya tsiku lonse? Tidzagwetsa nyumba. Ndipo mayi ako akufuna kuona mbale, osati nyimbo. Sankha chimodzi.”

Atuweni anamusiya pomwepo n'kulunjika kwa Anti Bernadette. Mnzakeyo ankanena zoona, ndipo n'zimene zinamupweteka.

3. Mawu a Anti Bernadette

Anti Bernadette, namwino wa ku Chipata amene anayambitsa gululi, ankakhala mumsewu wachiwiri kuchokera kusitolo. Atuweni anawapeza akusita yunifolomu. Anawafotokozera zonse mofulumira, n'kumaliza ndi kuti, “Ankolo anena okha kuti palibe vuto.”

Anti Bernadette anazimitsa simbi.

“Khala pansi, mwana wanga. Iwe unali wamng'ono, sukumbuka bwino. Lero umve.

“Titabwera kuno mu 2002, tinali ngati nkhuku zachilendo. Amayi anu ali kushifiti, inu mwatsekeredwa m'nyumba ndi TV. Ana ena anayamba kuiwala ngakhale kupereka moni. Ndinayamba kukusonkhanitsani m'chipinda changa, koma mwini nyumba anati phokoso lachuluka, n'kutithamangitsa. Loweruka lina mvula inatipanikiza mumsewu. Tinathawira m'sitolo muja, inu mukugwira chilichonse, ine ndikukalipa m'Chinyanja. Ndinangomva mawu kuseri kwa kauntala akuti, ‘Asiyeni ana, amayi, mvula ithe kaye.’ Chichewa cha ku Limbe chenicheni, pakamwa pa munthu amene ndinkayesa mlendo! Ndinalira pomwepo.

“Bambo Nisar anatipatsa chipinda cha pamwamba chija, mmene munali matumba a mpunga. Anawatsitsa okha pamsana, limodzilimodzi, mpaka munayera. Tsiku loyamba Anti Khairunisa anakazinga samusa beseni lonse. Inu munalumphira ngati dzombe. Pamene Bambo Nisar ankatseka sitolo kuti akwere, m'beseni munali nyenyeswa chabe. Ukudziwa chimene anachita? Anatola nyenyeswazo, kudya, n'kunena kuti, ‘Palibe vuto.’ Anaseka. Ine sindinaseke. Ndinachita manyazi mpaka m'mafupa. Tsiku lomwelo ndinalumbira kuti mwana wa gulu lino sadzadyanso pamaso pawo iwo asanalawe.

“Manje tamvera. Chenjera ndi munthu wonena kuti palibe vuto. Anthu aukali aliyense amawasamala, chifukwa amaopa pakamwa pawo. Koma munthu wofatsa timamuponda osadziwa, iye n'kumangomwetulira. Lero mudya iwo akuyang'ana. Chaka chamawa mudzaiwala kuwaitana. Chaka chinacho ana adzayamba kufunsa kuti mdala wa pansiyo ndani. Ulemu sutha tsiku limodzi, umachoka pang'onopang'ono.”

Atuweni anayang'ana pansi.

“Nanga amayi anga, Anti?”

Nkhope ya Anti Bernadette inafewa.

“Ethel ndi mnzanga. Ndikudziwa mmene wavutikira kuti apeze m'mawa umenewu. Iyenso ndi wofatsa, ndipo ukamufunsa adzati palibe vuto. N'chifukwa chake nkhaniyi ndi yolemera. Ine sindikulamula. Ana anasankha iwe, osati ine. Ukanafunsa mu Julaye muja, bwenzi titakonza zonse bwinobwino. Sunafunse. Manje sankha, ndipo chimene usankhecho ukanene ndi pakamwa pako.”

4. Kukhitchini

Madzulo a tsikulo Atuweni anapeza mayi ake akutsuka mbale. Chilundu chija chinali pampando, chositasita, duku lili pamwamba pake. Anatenga kansalu n'kuyamba kupukuta mbale, ntchito imene masiku onse ankachita kukumbutsidwa kawiri.

“Walakwa chiyani?” anafunsa Mayi Ethel osatembenuka.

Atuweni anafotokoza za kapu ya tiyi, za Ramazani ndi za nyenyeswa za samusa.

“Amayi, ndikufuna kusunthira phwando madzulo, kuti Ankolo adzalandire mbale dzuwa litalowa. Ndinalakwa ine posafunsa. Pepani.”

Mayi Ethel anachotsa manja m'madzi. Kenaka anapukuta manja, kutenga foni n'kupita pabalaza. Atuweni anawamva akuchonderera m'Chingerezi, koyamba kwa manija, kachiwiri kwa mnzawo. Atabwerako anapukusa mutu.

“Zakanika. Ndinaswopa kale kamodzi, ndipo Loweruka madzulo tilipo ochepa. Agogo aja sangagone ndi njala chifukwa cha phwando.”

“Ndiye ndisiye momwemo, Amayi? Ndikhoza kusiya.”

“Iwe ukuona bwanji?”

Atuweni anatula mbale imene ankapukuta.

“Ndikuona kuti sitingadye iwo akuyang'ana.”

“Ndiye wandifunsiranji?” anatero Mayi Ethel. Anamwetulira, koma maso awo anali ofiira. “Sindikunamiza kuti palibe vuto. Zikundiwawa. Ndinkafuna kukuona utagwada ndi duku limeneli. Koma chipinda chija chinakulera pamene ine ndinali kuntchito. Pita ukachite zoyenera. Ndipo duku udzamange bwino, osati ngati bandeji.”

Atuweni anaseka, misozi ikutsika. Mawa lake iye ndi Lovemore anayenda khomo ndi khomo kuuza makolo kuti nthawi yasintha. Lovemore anadandaula njira yonse za mimba yake, koma sanasiye khomo ngakhale limodzi. Pomaliza anafika kusitolo. Bambo Nisar atamva, anatsegula pakamwa kuti anene mawu awo aja, koma Atuweni anawatsogolera.

“Vuto lilipo, Ankolo, ndipo talikonza.”

Bambo Nisar anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta, ngakhale anali oyera kale.

5. Dzuwa likulowa

Loweruka madzulo chipinda cha Pamwamba chinadzaza. Nsapato zinaunjikana m'munsi mwa masitepe monga mwa lamulo la Anti Khairunisa. Ana ang'onoang'ono anaimba, wina n'kuiwala mawu pakati n'kumalizira m'Chingerezi, anthu n'kufa nazo kuseka. Atsikana anavina chimtali mpaka pansi pankanjenjemera. Anyamata anachita sewero la mwana wobadwira ku Leicester amene wapita kumudzi koyamba n'kumafunsa kuti basi ya nambala yanji imapita kuchigayo.

Chakudya chinali patebulo, chovindikira: mpunga, nkhuku yogula kubutchala ya Asilamu, samusa, mandasi ndi futali. Tiana tinkachizungulira ngati amphaka. Lovemore, amene anthu ankamukayikira kwambiri pa chakudya, ndiye anaikidwa kukhala mlonda, ndipo anagwira ntchitoyo ndi nkhope ya munthu wozunzika.

Atuweni ankayang'anayang'ana mpando wa kutsogolo umene anasungira mayi ake. Unali wopanda munthu. Zinamuwawa, koma sanauchotse.

Kunja mitambo inafiira pamwamba pa madenga. Chipinda chonse chinakhala chete, ana akusuzumira pawindo ngati akudikira mlendo. Bambo Nisar anayang'ana wotchi yawo n'kugwedeza mutu. Ananena kapemphero motsitsa, kenaka iwo ndi Anti Khairunisa anadya tende, tizipatso totsekemera tija, ndi kumwa madzi.

Apo Atuweni anabwera ndi jagi ndi beseni. Anagwada, chilundu chili bwinobwino, duku lili m'malo mwake. Anathira madzi m'manja mwa Bambo Nisar, kuwapatsa thaulo, kenaka mbale yoyamba ndi manja awiri.

Bambo Nisar analuma samusa n'kutseka maso.

“Zaka zonsezi ndakhala ndikulandira mbale imeneyi nditakhuta,” anatero. “Lero ndiye ndaimva kukoma.”

Nthungululu zinamveka mpaka kumsewu. Lovemore anatula ulonda pansi n'kukhala woyamba pamzere.

6. Khomo la kuseri

Atuweni anali asanadye n'komwe pamene Anti Khairunisa anamukoka dzanja. Anali atanyamula mbale yovindikira ndi fulasiki.

“Tenga jagi ndi beseni. Ankolo ako apemphera kale, akukudikira m'galimoto.”

“Tikupita kuti, Anti?”

“Ukafunsa lero ndiye wachedwa,” anatero akuseka. “Bernadette wandiuza zonse. Buleki ya mayi ako yayandikira. Thamanga.”

Galimoto ya Bambo Nisar inali yonyamulira katundu, yonunkhira anyezi. Anadutsa misewu yodzaza anthu ochokera kumzikiti mpaka anafika kunyumba ya okalamba ija. Anaima kukhomo la kuseri, pafupi ndi migolo ya zinyalala, n'kuliza belu.

Mayi Ethel anatuluka atavala yunifolomu ya buluu, nkhope ili yotopa. Ataona mwana wawo ali m'chilundu anabwerera m'mbuyo.

“Kwagwanji?”

“Sikunagwe kanthu, amayi,” anatero Bambo Nisar. “Ine ndinapereka chipinda, koma inu mwapereka tsiku lanu. Chaka chino mbale zoyamba zilipo ziwiri. Khalani pamasitepe pomwepo.”

Atuweni anathira madzi a m'fulasiki mu jagi. Anagwada pasimenti yozizira, pansi pa getsi la pakhomo, n'kuika beseni patsogolo pa mayi ake. Mayi Ethel anatambasula manja. Anali manja osweka ndi sopo, manja amene tsiku lonse anasambitsa makolo a eni. Atuweni anali asanawayang'anitsitsepo chonchi. Anathira madzi pang'onopang'ono.

“Ndi ofunda,” anatero Mayi Ethel motsitsa.

Analandira mbale ndi manja awiri, misozi ikugwera pachivindikiro. Anzawo awiri a kuntchito anasuzumira pakhomo n'kufunsa chimene chikuchitika, ndipo Mayi Ethel anawayankha monyadira kuti, “Uyu ndi mwana wanga.” Atadya samusa imodzi anakweza maso.

“Duku wamanga bwino.”

Atuweni anasangalala kuposa mmene akanasangalalira ndi nthungululu za chipinda chonse.

7. Pobwerera

M'galimoto Atuweni ankangoimba chamumtima, jagi ili pamiyendo. Bambo Nisar ankayendetsa. Atafika pasitolo anazimitsa injini koma sanatsike. Pamwamba magetsi ankawala, ndipo mithunzi ya ana ovina inkadutsadutsa pakatani.

“Atuweni, wandiphunzitsa kuti ndisamangoti palibe vuto,” anatero. “Ndiye ndikuuze zoona. Mawondo anga atha. Mwana wanga Rehmat akufuna kuti ine ndi anti ako tikakhale naye ku Loughborough. Wapeza kale munthu wofuna kugula nyumba ino yonse, ndi chipinda chomwe.”

Atuweni anagwira jagi mwamphamvu.

“Nanga Pamwamba, Ankolo?”

“Sindinavomere, komanso sindinakane. Bernadette ndimuuza ndekha sabata yamawa. Lero ana asangalale. Usauze anzako kaye.”

Atuweni anavula nsapato m'munsi mwa masitepe n'kuyamba kukwera. Pamwamba pake panali Lovemore, mwendo wa nkhuku uli m'manja, ndi mbale ina imene anamusungira.

“Wabwera! Mayi ako ati chiyani?” anafunsa. Kenaka anasiya kutafuna n'kumuyang'anitsitsa. “Iwe Atu, Ankolo akuuza chiyani m'galimoto muja?”